Funso Limene Lidasanduka Dzina: Za Kuoneranso "Tikuferanji" m'Dziko la Fodya

Funso likafunsidwa koyamba limafuna yankho. Koma likamafunsidwa sabata ndi sabata, chaka ndi chaka, pa ola limodzimodzilo, limafika poleka kukhala funso, lisanduka dzina chabe, monga momwe mwana wotchedwa Mavuto kapena Tilekeni amakulira osadziwa kuti dzina lakelo lidali mawu a mayi wolira. Izi ndizo zidachitikira mawu akuti "Tikuferanji". Mwana wa ku Santhe kapena ku Chamama akamva mawuwa lero saganiza za imfa ayi. Amaganiza za Manganya, ndipo amayamba kuseka sewero lisanayambe. M'nkhani ino tifuna kulingalira za sewero limeneli monga anthu a m'dera la fodya la Kasungu akulionera tsopano, mobwereza, makamaka pa masiku a Khrisimasi. Wina anganene kuti nkhani yotere njosayenera masamba a zaumulungu. Timuyankha kuti Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata chake cha Inter Mirifica cha mu 1963, udaika kale zipangizo zofalitsira nkhani pakati pa zinthu zimene mbusa ayenera kuzidziwa. Ndiponso kuti nkhosa zathu zimakhala pamaso pa Manganya maola ambiri kuposa amene zimakhala pamaso pa guwa.

Abale athu a m'seminale, amene adabadwa kanema ali kale m'dziko, ayenera kukumbutsidwa kuti Malawi adatha zaka 30 za ulamuliro wa Dr Kamuzu Banda wopanda wailesi ya kanema. Television Malawi idayamba kuulutsa pa 1 Epulo 1999, Ngwazi ya kuno ku Kasungu itamwalira kale mu Novembala 1997. Ife tidaphunzira sewero ndi khutu, pa wailesi ya MBC, kwa Kapalepale ndi Pamajiga. Masewero amenewo adali ndi luso lawo, koma adali ndi malire: lamulo la mu 1968 loyang'anira zosangalatsa ndi zofalitsa lidali tcheru, motero sewero linkadzudzula mkamwini waulesi, chidakwa, kalaliki wakuba, koma pamwamba pa kalaliki silinkakwera. Lilime la Amalawi lidayamba kumasuka ndi kalata ya maepiskopi athu ya pa 8 Malichi 1992, kenaka riferendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994. Tsoka lake ndi lakuti ufulu wa kulankhula udafika pa nthawi imene chinthu chachikulu koposa m'dziko chidali chosaneneka.

Edzi idapezeka koyamba m'dziko muno mu 1985. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, mwa akuluakulu asanu ndi awiri alionse mmodzi adali ndi kachilomboka. Okhoma mabokosi adachuluka m'mbali mwa misewu, adzukulu adatopa ndi kukumba, koma dzina la matendawo silinkatchulidwa. Ankati kaliwondewonde, ankati matenda a boma, ndipo wolankhula m'malo mwa banja pa manda ankangoti malemuwa adadwala nthawi yaitali. Ngakhale mu Febuluwale 2004 idali nkhani yodzidzimutsa pamene Pulezidenti Bakili Muluzi adanena poyera kuti mbale wake adamwalira ndi Edzi; ndipo ndi chaka chomwecho pamene mankhwala otalikitsa moyo, ma ARV, adayamba kuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma. M'kati mwa chete ameneyu ndimo mudamveka sewero la bungwe la ADRA, lothandiza anthu la mpingo wa Seventh-day Adventist, pa wailesi ndi pa kanema, Michael Usi akusewera ngati Manganya. Pasakhale nsanje pa ichi: abale athu a Sabata adapeza khomo lolowera m'nyumba za anthu a mipingo yonse, ndipo adalowa.

Dzina lokhalo ndi luso lalikulu la sewero lonse, ndipo tiyenera kuliyang'ana modekha. Silikuti "akuferanji", ngati kuti akufawo ndi ena, oyendayenda, a m'mabala. Likuti "ti-", nkulowetsa wofunsa pamodzi ndi wofunsidwa m'dzenje limodzi. Chachiwiri, mneni wake si "kufa" koma "kufera". M'Chichewa chathu kachidutswa ka "-er-" kamanyamula zinthu ziwiri nthawi imodzi: chimene chamupha munthu, ndi chimene waperekera moyo wake. Timati uje wafera dyera. Timatinso msilikali wafera dziko lake. Ndipo m'tchalitchi timati Khristu adatifera. Ophunzira filosofi azindikira pano ziwiri mwa zifukwa zinayi za Aristotle, chochititsa ndi cholinga. Dokotala angayankhe mbali yoyamba ndi liwu limodzi: kachilombo. Mbali yachiwiri, yakuti moyo wathu tikuusinthanitsa ndi chiyani, kaya ndi ndalama, kaya ulemu, kaya chikondi cha usiku umodzi, kaya mantha oti anthu atinena tikakayezetsa, imeneyo ili m'munda wa ansembe, ndipo sewerolo m'zigawo zake zabwino linkaigwira.

Tsono anthu a kuno amalionera bwanji lero? Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti magetsi afika m'nyumba pafupifupi 11 mwa 100 zilizonse m'dziko muno, ndipo za m'midzi ya m'maesiteti nzosachita kufunsa. Kanema wa kuno ndi wa sola ndi batire, kapena wa m'kanyumba ka vidiyo pa msika, kapena foni imodzi yozunguliridwa ndi mitu isanu ndi umodzi. Zigawo zakale zimachokera kwa anyamata oika nyimbo ndi mafilimu pa timakadi, ena amazitenga pa YouTube. Zimabwera zosokonekera, chatsopano chitatsogola chakale, Manganya wachikulire atatsogola Manganya mnyamata. Palibe wodandaula. Ndipo masiku amene timabenchi ta vidiyo timadzaza koposa ndi kuyambira pa 24 Disembala mpaka pa Chaka Chatsopano.

Munthu wosadziwa kalendala ya fodya sangamve chifukwa chake. Nazale imafesedwa cha mu Sepitembala, fodya amawokeredwa ndi mvula yoyamba, Disembala ndi mwezi wa kupalira, kubandira ndi kuthira feteleza. Kuthyola, kusoka ndi kuyanika m'zigafa kumadza pambuyo, ndipo msika wa ku Chinkhoma ndi wa ku Kanengo umatsegulidwa cha mu Epulo. Khrisimasi tsono imagwa pansi penipeni pa thumba. Ndalama za mabelo a chaka chatha zidatha kalekale, za chaka chino zikadali masamba anthete m'munda, ndipo pakati pa masambawo ndi thumba pali matalala, ng'amba ya mu Januwale, ogula a ku okushoni amene angathe kukana belo, ndi buku la ngongole la mwini munda. Akale adati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Mlimi wa kuno amakhala miyezi isanu ndi itatu ndi fodya wa pachala. Tidabwe chiyani ngati pa tsiku lake limodzi la kupuma asankha chigawo chimene akudziwa kale momwe chithere? Ophunzira amanyoza, amati ndi ulesi wa nzeru. Koma kwa munthu amene moyo wake wonse ndi "kaya", kuona chinthu chikuchitika monga momwe adayembekezera ndi mpumulo weniweni.

Pali chinanso. Ambiri mwa ogwira ntchito m'minda ya fodya kuno adachokera kumwera, ku Mulanje, Thyolo, Phalombe ndi Machinga, kumene malo adachepa. A Usi kwawo ndi ku Mulanje. Munthu amene sapita kwawo pa Khrisimasi chifukwa alibe ya basi, akamva kalankhulidwe ka kumwera kakutuluka m'kabokosi, khutu lake silili pa uthenga wa Edzi, akumvetsera kwawo.

Kubwereza pakokha si chinthu chachilendo kwa ife. Palibe mwana amene adamva nthano ya Kalulu kamodzi kokha, ndipo palibe amene adaleka kuvomera kuti "tili tonse" chifukwa choti akudziwa mathero. Manganya nayenso ndi mdzukulu wa Kalulu: wochenjera, wa pakamwa posatopa, lero ndiye wolakwa, mawa ndiye wodzudzula olakwa, ndipo oonera amamukhululukira zambiri chifukwa cha lilime lake. Apa mpamene pagona mphamvu ya sewero. Osewera ake amalankhula monga anthu amalankhulira pa mjigo ndi m'minibasi, kudulana mawu, kuzemba funso, kuseka pamene payenera kulira. Samveka ngati akuwerenga pepala. Sewero limafooka pamene mmodzi wa iwo aima chilili, nkhope itasintha, nayamba kufotokoza za kuyezetsa magazi m'mawu a m'kabuku ka ku chipatala. Pamenepo ana a m'kanyumba ka vidiyo amayamba kucheza, ndipo ali ndi chifukwa: munthu uja wachoka, chatsala ndi chikwangwani cholankhula. Mlaliki aliyense amaidziwa mphindi imeneyo.

Koma agogo posimba nthano ankaona nkhope za adzukulu awo. Akadziwa kuti wina waba mazira masana, Kalulu usiku umenewo ankaba mazira. Kadi la m'foni siliona munthu. Limanena kwa mwana wa lero zimene lidanena kwa mayi wake mankhwala asanabwere, ndi mawu omwewo, ndi kuseka komweko.

Vuto lalikulu la masewero a mtundu uwu lili m'mapangidwe ake, ndipo si la Tikuferanji lokha. Aristotle, polemba za zisudzo, adaphunzitsa kuti nkhani yathunthu iyenera kukhala ndi chiyambi, pakati ndi mathero, ndi kuti nkhani yabwino imafikitsa munthu pozindikira chimene sadali kuchidziwa, zinthu nkutembenuka. Sewero la sabata ndi sabata lili ndi pakati pokha. Coronation Street ya ku England idayamba mu Disembala 1960 ndipo idadutsa zaka 60 osafika kumathero. Generations ya ku South Africa, imene Amalawi ambiri adaitsata, idayamba mu 1994, ndipo ngakhale osewera ake 16 atachotsedwa ntchito mu 2014 idabweranso ndi dzina lowonjezera. Sewero lotere silingalole kuti munthu wake wamkulu atembenuke mtima kotheratu, chifukwa tsiku limene Kalulu walapa ndilo tsiku limene nthano yatha, pamene sabata yamawa pafunika chigawo china. Motero wolakwa amagwidwa, amachita manyazi, amapepesa, koma pofika chigawo chotsatira wabwerera pamene adali. Anthu ang'onoang'ono a m'nkhani angathe kudwala ndi kufa. Wamkulu safa ndipo sasintha. Onani tsono chimene woonera akuphunzira m'kayendedwe ka nkhani, ngakhale mawu ake ali abwino: kuti kupepesa ndi mbali ina ya sewero, kuti mawa zonse ziyambiranso, kuti imfa ndi ya ena. "Ti-" wa m'dzina uja, mapangidwe a nkhani amamubweza mwakachetechete kukhala "a-". Aliyense amene amamvera kulapa kwa akhristu m'masabata a Adventi amaudziwa mtima umenewu, wobwera ndi tchimo limodzimodzilo ngati chigawo chakale, wofuna chikhululukiro koma wosayembekeza kuti kanthu kasinthe. Sitikunena kuti kanema ndiye adaupanga. Ngwakale ngati Adamu. Tikunena kuti sewero lopanda mathero, makamaka loonera mobwereza, limauyalira mtimawu mphasa yabwino.

Mtundu uwu wa masewero udabadwira pa mawailesi a ku America m'zaka za m'ma 1930, ndipo unkalipiridwa ndi makampani a sopo monga Procter & Gamble; nchifukwa chake Azungu amautchula ndi dzina la sopo mpaka lero. Nkhani idali nyambo, sopo ndiye mbedza. Kwathu kuno wolipira sadali wogulitsa sopo koma mabungwe othandiza, ndipo chimene ankafuna chidali chabwino kuposa sopo. Komabe wolipira amakhala ndi mitu yake: Edzi, nkhanza za m'banja, kulanda chuma cha masiye, ziphuphu. Mitu yonseyi njoona. Koma funso lakuti tikuferanji likafunsidwa ku Kasungu lili ndi mayankho ena amene m'zigawo zozungulira kuno sitiwapeza kawirikawiri, pakuti dziko la sewerolo lili pafupi ndi ofesi, lendi ndi bala kuposa chigafa. Boma lino lidali limodzi mwa amene njala ya 2002 idawakantha koposa, ndipo pakati pa oyamba kugwa padali matenanti amene eni minda adaleka kuwapatsa chimanga. Mu 2009 bungwe la Plan International lidafalitsa lipoti lonena za ana ogwira ntchito m'fodya, ena a iwo a ku Kasungu, losonyeza kuti mwana wothyola masamba onyowa angathe kulowetsa m'thupi, kudzera pa khungu, chikonga chofanana ndi cha ndudu 50 pa tsiku. Utenanti udathetsedwa mwa lamulo mu 2021, patapita zaka zambiri mabungwe osiyanasiyana akudandaula, pamodzi ndi Centre for Social Concern ya ansembe a White Fathers ku Kanengo. Koma lamulo lolembedwa ku Lilongwe silifafaniza lokha buku la ngongole la pa esiteti. Wogwira ntchito m'fodya amaseka mavuto a kalaliki wa m'tauni, ake akuwasiya panja pa chitseko cha vidiyo.

Augustine Woyera, m'buku lachitatu la Confessiones, adadzifunsa chifukwa chake ali mnyamata ku Carthage ankakonda kulira m'nyumba za zisudzo, kukaonera masautso amene sakadafuna kuti amugwere iye. Adapeza kuti chisoni cha m'sewero nchokoma chifukwa sichimutuma munthu kukathandiza. Chimangomuitana kuti amve chisoni. Kuonera koyamba kwa Tikuferanji sikudali kotere kwenikweni. Wodwala wa m'sewero adali ndi mnzake m'nyumba momwemo, atagona pa mphasa kuseri kwa nsalu, ndipo banja linkayenera kuyang'anana kumaso sewero litatha. Chigawo chomwecho lero chingathe kuoneredwa monga Augustine adanenera: misozi pang'ono, kuseka pang'ono, mtima nkupepuka, popanda wina wofunika kumutengera ku chipatala mawa.

Komabe kuima pamenepa kungakhale kuweruza mlandu titamva mbali imodzi. M'kanyumba ka vidiyo muli anthu a zaka 25 ndi 30 amene adaleredwa ndi agogo, amene ngakhale chithunzi cha makolo awo alibe. Kwa iwowa chigawo chakale ndicho chimawasonyeza momwe akazi a nthawi ya mayi awo ankavalira, momwe ankaperekera moni, momwe ankachitira mantha. Kuli ngati kukasesa ku manda. Chimodzimodzi ndi masewero a Izeki ndi Jakobo: John Nyanga adamwalira mu 2016, Eric Mabedi mu 2021, koma pa timakadi akukanganabe, ndipo anthu amaseka kuseka kwina, kosakaniza, monga amasekera pa siwa usiku pokumbutsana nthabwala za malemu. Mpingo umene umapatula mwezi wa Novembala kukumbukira akufa suyenera kunyoza kuseka kotere.

Ndipo kodi kubwereza kwenikweni kulipo? Søren Kierkegaard wa ku Denmark, m'kabuku kake ka mu 1843 konena za kubwereza, adasimba za munthu amene adabwerera ku Berlin, nakagona m'nyumba imene adagonamo kale, nakaonera sewero limene adalikonda kale m'holo yomweyo, kuti ayese ngati chisangalalo chakale chingabwerenso. Adachokako atapeza kuti sichibwera. Kadi silisintha, koma woonera ndi dziko lake zasintha. Pa Tikuferanji ichi chaoneka mwa njira imene olemba ake sadailote. Michael Usi adaima ngati wachiwiri wa Saulos Chilima pa chisankho cha 2019, adakhala nduna mu 2020, ndipo Chilima atamwalira pa ngozi ya ndege m'nkhalango ya Chikangawa pa 10 Juni 2024, iye ndiye adalumbiritsidwa kukhala Wachiwiri kwa Pulezidenti mwezi womwewo. Pa chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 adapikisana nawo pa mpando wa Pulezidenti, umene adapambana ndi Peter Mutharika. Masamba ano si bwalo loweruzira ntchito yake m'boma. Chathu ndi ichi: chigawo chilichonse chakale chimene Manganya akudzudzula akuluakulu sichingaonerekenso ndi maso akale. Alimi amayankha kanema mokweza, ena monyadira kuti mnzathu adafika, ena mofunsa kuti nanga atafikako mtengo wa feteleza udatani. Sewero lopanda mathero lalandira chigawo china kuchokera ku mbiri ya dziko, kunja kwa kabokosi. Ndipo mkangano umene umabuka pa mabenchi, wa za mphamvu, za pakamwa ndi zochita, nthawi zambiri umaposa phunziro limene chigawocho chidakonzedwera.

Nalo funso la m'dzina lija layamba kudzuka. Chiwerengero cha akuluakulu okhala ndi kachilombo chidatsika kuchoka pa 12 mwa 100 mu 2004 kufika pafupifupi pa 9 mwa 100 mu 2021, ndipo mbadwo wonse udakula ukudziwa Edzi ngati matenda a botolo la mapiritsi. Koma mankhwalawo, ndi ntchito yowafikitsa kwa anthu, zakhala zikudalira kwakukulu ndalama za kunja, za Global Fund ndi za boma la America. Mu Januwale 2025, boma la America litaimitsa thandizo lake la kunja, anthu a kumudzi adamva pa wailesi, ndipo ena adawerenga mapiritsi otsala m'botolo. Kwa woteroyo chigawo cha nthawi ija sichikusimba za dzulo lokha.

Tifike tsono pa Khrisimasi yeniyeniyo. Kumene masewerowa adakhazikika kalekale kuli mwambo wa chigawo chapadera cha pa chikondwerero. Ku Britain, EastEnders ya pa 25 Disembala 1986 idaoneredwa ndi anthu oposa 30 miliyoni, ndipo chimene adasonkhanira kudzaona ndi mwamuna akupatsa mkazi wake makalata othetsa ukwati. Olemba ake adazindikira chinthu choona, kuti tsiku limene banja lonse ladyera pamodzi ndilo tsiku limene zobisika zimatuluka. Masewero ena amatenga njira ina, ya mpunga ndi nkhuku: adani amapatsana mbale, ngongole imaiwalika, ndipo mu Januwale nkhani imayambira pamene idalekera ngati kuti palibe chidachitika. Njira yachiwiriyi ndiyo iyenera kutidetsa nkhawa, chifukwa ikufanana kwambiri ndi Khrisimasi ya akhristu ambiri, imene ili tchuthi cha m'kati mwa nkhani ya moyo wawo, chosakhudza nkhaniyo.

Wophunzira wochenjera wa chaka chachiwiri atifunsa: nanga Mpingo sukubwerezanso? Kuyambira 1969 mawerengo a Lamulungu amazungulira zaka zitatu, ndipo usiku wa Khrisimasi chaka chilichonse timamva Luka mutu 2, kalembera yemweyo, khola lomwelo, abusa omwewo. Funsoli nlabwino, lisathamangitsidwe. Yankho la m'kalasi timalidziwa: chikumbutso cha m'Misa, chimene m'Chigriki amati anamnesis, si kuonetsanso chithunzi cha chinthu chakale, koma chochitika cha kamodzi kokha chija chikufika pamaso pa anthu awa, lero, ndi kufuna kuti ayankhe, ndiponso nkhani yathu ili ndi mathero, pakuti Adventi imayamba ndi kubweranso kwa Ambuye isanatifikitse pa khola. Koma yankho la m'kalasi silitsimikiza chimene chikuchitika pa benchi. Mkhristu angathe kukhala pa Misa ya usiku monga amakhalira pa vidiyo: akudziwa mawu onse, akukondwa kuti palibe chachilendo, atuluka monga adalowera. Ndipo ulaliki wotengedwa m'kabati, wa Khrisimasi ya zaka zitatu zapitazo, wosadziwa ngati mvula yagwa, wosadziwa ngati feteleza wafika, ndi kadi la m'foni lovala mkanjo. Sakramenti limagwira ntchito yake ngakhale wolipereka ali waulesi; za ulaliki sitidalonjezedwe zomwezo.

Chimene chili pafupi kwambiri ndi Manganya m'miyambo yathu ndi sewero la kubadwa kwa Ambuye limene achinyamata amachita m'matchalitchi a kumidzi usiku wa Khrisimasi. Amene adayendako amadziwa kuti mwini sewero si Yosefe kapena Maria, amene amangokhala chete ndi chidole. Mwini wake ndi Herode. Mbali imeneyi imapatsidwa mnyamata wa pakamwa koposa onse, jekete lalikulu, magalasi akuda, nthawi zina litchowa m'manja, asilikali a mfuti za mapesi oguba mokhotakhota, ndipo tchalitchi chonse chimagwa nalo phwete. Ansembe ena amafuna kuliletsa. Ife tikuti lisaletsedwe, pakuti lili ndi chimene kadi lilibe: limapangidwanso chaka chilichonse ndi anthu oona nkhope za owaonera. Chaka cha makuponi Herode amagawa makuponi kwa abale ake okha. Chaka china alembi a kalembera wa Kaisara amanyamula sikelo ndi buku la ngongole, ndipo aliyense m'tchalitchimo akuidziwa sikelo imeneyo. Chofunika ndi chakuti mkatekisiti, kapena wa ku seminale amene ali pa tchuthi, akhale nawo pokonzekera, asachepetse kuseka, koma aonetsetse kuti sewero lisathere pa kuguba kwa asilikali. Mateyo mutu 2 umapitirira: asilikali aja amafika ku Betelehemu. Mpingo umakumbukira ana amenewo pa 28 Disembala, tsiku limene kawirikawiri limagwa m'kati mwa sabata, anthu atabwerera kale ku munda, ana ena ali m'mizere ya fodya pamodzi ndi makolo awo. Ndipo m'matchalitchi ang'onoang'ono ambiri a ku Kasungu tsiku limenelo chitseko chimakhala chotseka, pakuti wansembe mmodzi sangafike konse. Amayi a ku Betelehemu akapanda kupatsidwa malo m'sewero la usiku wa pa 24, ndiye kuti chaka chimenecho sadzamveka m'mudzimo.